Khonde Lopanda Mizati

Pali anthu amene amagwa okha, n'kudzuka, n'kusansa fumbi, nkhani n'kuthera pomwepo. Mmisiri amene ndikufuna ndikuuzeni za iyeyu sanagwe yekha. Anagwetsa mlongo wake wamkulu, mayi amene anamulera makolo awo atamwalira. Ngati mukuwerenga izi mtima uli wolema chifukwa cha chinthu chimene munalakwitsa ndi manja anuanu, khalani pansi timvere limodzi.

Masana a tsiku limene anamugwetsalo mmisiriyu anali pa benchi ya chipatala, manja ali m'khosi, nsapato zili mbuu ndi fumbi la simenti. M'kati madokotala ankalimbana ndi mwendo wa mlongo wake, umene unathyoka pawiri. Alamu ake anatuluka n'kudzaima patsogolo pake. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Alamu, pitani kwanu," anatero motsitsa mawu. "Phazi lanu lisadzapondenso pakhomo panga."

Kuti mumvetse, tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Mlongo wakeyo anali telala, mwamuna wake ankagulitsa zinthu m'kasitolo. Malo awo anali opanikizika, choncho anaganiza zomanga chipinda pamwamba pa sitoloyo kuti azigona ndi kusokera momwemo. Mayiyo anapempha chinthu chimodzi: khonde la m'mwamba, poti azisokera powala, kamphepo kakumuwomba.

Vuto linali lakuti pansi pa malo a khondelo pankadutsa ngalande ndi njira ya anthu. Kuimikapo mizati kunali koletsedwa. Ndiye kuti khondelo linayenera kutuluka m'khoma n'kulendewera lokha, lopanda chochirikiza pansi.

Mmisiri wathuyu anaphunzira ntchito poonerera ena, kuyambira pa kusakaniza matope mpaka kuthira masilabu a konkire. Anali atathira ambiri ndipo panalibe ngakhale imodzi imene inachita mng'alu. Anthu ankamutama, iye n'kumayenda chifuwa chili patsogolo, tepi yoyezera ili m'chiuno ngakhale popita kutchalitchi. Pa silabu iliyonse ankayala zitsulo m'munsi mwa konkire monga anaonera kwa amene anamuphunzitsa. Pakhonde la mlongo wake anayalanso chimodzimodzi, osafunsa munthu.

Atachotsa mitengo yochirikiza, mlongo wake anasuzumira pakhomo la m'mwambalo mwamantha.

"Iwe, chinthu chopanda mizatichi chinganyamule zolemera bwanji?"

"Achemwali, apa ngakhale mutakwezapo njovu ndi mwana wake yemwe."

Onse anaseka. Yankho linali lokoma m'khutu, koma mwini wake sankadziwa chimene ankanena.

Khondelo linakhala miyezi ndithu. Pamwamba pake, motsatira khoma, panatuluka kamng'alu kopyapyala ngati ulusi, iye n'kungokamata ndi simenti. Kenako madzi anayamba kuvuta m'mipopi. Alamu aja anakweza migolo iwiri, kuiika kumapeto kwenikweni kwa khonde kuti isatseke njira, n'kuidzaza. M'mawa wa tsiku lotsatira, mayi uja ali pamakina ake, khonde linathyokera pakhoma penipeni n'kupita naye pansi. Mwachisomo chokha m'njiramo munalibe munthu.

Nkhani inali m'kamwam'kamwa. Sabata isanathe anthu anali atamupatsa kale dzina lakuti Chigwetsa, ndipo dzina loipa limamata kuposa pulasitala. Amene anamupatsa ntchito anabweza mawu. Wina anamuletsa ngakhale kumanga khola la nkhuku, ati nkhuku zake zidakali ndi moyo wautali.

Alamu ake anakhomera matabwa pachitseko cha m'mwamba chija, chifukwa tsopano chinkatsegukira pamphepo. Aliyense wodutsa ankakweza maso n'kuona chitseko chokhomedwacho, ndi tizitsulo tothyoka titatuluka m'khoma pansi pake. Chigwetsa anasiya kudutsa msewu umenewo. Ankazungulira kutali ngakhale mvula ikugwa.

Njala itamukola, anapita mbali ina ya tawuni kumene kunalibe womudziwa, n'kukapempha ntchito pa nyumba yaikulu yosanjikiza imene inkamangidwa. Sananene kuti ndi mmisiri. Anamupatsa wilibala.

Chimene chinkamudya kwambiri sichinali wilibalayo ayi. Chinali chakuti sankadziwa chifukwa chake khonde linagwa. Tsiku lina ankati simenti inali yakale. Tsiku lina ankati ndi migolo ija. Akatopa kwambiri ankati alipo amene anamuchitira nsanje. Mukudziwa mmene timachitira anthufe: tikalakwa, wopalamula amakhala aliyense kupatula amene tikumuona pagalasi.

Woyang'anira nyumba yaikuluyo anali injiniya wina, mayi wamfupi wa mawu ngati belu. Antchito ankamutcha Mayi Gumulani, chifukwa akaona ntchito yokhota sankataya nthawi ndi mawu ambiri. Ankangoloza n'kunena liwu limodzi lomwelo, munthu n'kuyamba kufunafuna nyundo.

Nyumbayo inali ndi makonde olendewera pansanjika iliyonse. Tsiku lothira konkire pa khonde loyamba, Chigwetsa anafika ndi wilibala yake n'kuona chinthu chimene chinamudabwitsa. Zitsulo sizinali m'munsi. Zinali m'mwamba, zitakhazikidwa pa timiyendo tazitsulo topindapinda ngati timipando. Mumtima anati omanga zitsulowa ndi aulesi, aiwala kuzitsitsa. Pofuna kuthandiza, anasiya wilibala n'kuyamba kuzipondaponda kuti zitsike.

"Inu! Inu a wilibala! Mukuvina chiyani pazitsulo zanga?"

Ntchito yonse inaima. Mayi Gumulani ankabwera chothamanga, chipewa cholimba chili pambali.

"Amayi, ndimati ndikonze," anatero Chigwetsa. "Zitsulo zimakhala pansi. Ine masilabu ndathira ambiri."

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Kenako anatola ndowa ya miyala n'kumupatsa.

"Tambasulani mkono. Wongolani bwino. Igwireni choncho."

Chigwetsa anaigwira. Posakhalitsa mkono unayamba kunjenjemera, anzake akuseka.

"Pakupweteka pati?"

"Paphewa."

"Pamwamba kapena kukhwapa?"

"Pamwamba. Pakukokeka."

"Ndiye khonde limenelo," anatero mayiyo. "Silabu yokhala pa makoma awiri imafuna kupindikira pansi pakati, choncho imakokeka m'munsi, zitsulo n'kukhala m'munsi. Koma khonde logwidwa mbali imodzi limafuna kuweramitsa mutu. Limakokeka pamwamba, pomwe lakumana ndi khoma. Konkire mukaipanikiza imapirira, koma mukaikoka imang'ambika. Chopirira kukokedwa ndi chitsulo. Mukachitsitsa pansi, pamwamba patsala ndani?"

Mayiyo anapitiriza.

"Tsopano bweretsani ndowayo pachifuwa. Yapepuka eti? Miyala ndi yomweyo, koma ikatalikira phewa imakula mphamvu. Katundu wa kumapeto kwa khonde ndiye wankhanza. Ndipo mkono wanuwo sunamatidwe pakhungu, wazikika m'thupi. Zitsulo za khonde nazo zimayenera kulowa m'kati mwa nyumba, kutali ndithu, kuti nyumba izigwire."

Chigwetsa anaika ndowa pansi pang'onopang'ono. Anaona kamng'alu kaja m'maganizo mwake, pamwamba, motsatira khoma, pomwe iye anamata ndi simenti akuimba mluzu. Anakhala pa mulu wa njerwa n'kuyamba kulira ngati mwana, bambo wamkulu ndevu zili pepeya, anthu onse akuona.

Amene ankaseka aja analeka. Mayi Gumulani naye anadabwa, poganiza kuti mwina wakalipa mopitirira. Atamufunsa, Chigwetsa anafotokoza zonse: mlongo wake, migolo, mwendo, chitseko chokhomedwa.

Mukuganiza kuti mayiyo anamusisita pamsana? Ayi ndithu.

"Pepani kwambiri," anatero. "Koma lero mwadziwa. Konkire ikuuma, siidikira misozi. Dzukani mukweze zitsulo zimene mwapondazo."

Anadzuka. Anakweza chitsulo chilichonse, kuwongola timipando tonse, n'kuyala matabwa pamwamba kuti mawilibala azidutsa osakhudza zitsulo. Poweruka anadikira mayiyo pageti n'kupempha kuti amuchotse pa wilibala, amuike kwa omanga zitsulo, ngakhale akhale wongodula waya.

Ntchito ya zitsulo si yamasewera. Waya ankamucheka zala, dzuwa likatentha zitsulo zinkawotcha m'manja. Mayi Gumulani sanamuchitire chifundo chapadera. Liwu lake lija analimva kambirimbiri, ndipo nthawi iliyonse ankamasula n'kuyambiranso. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano akamasula ankafunsa chifukwa chake.

Tsiku lina pa nthawi yopuma analimba mtima.

"Amayi, ndiye khonde lolendewera limanyamula zolemera bwanji?"

"Liti?"

"Lililonse."

"Kulibe lililonse. Latuluka motalika bwanji? Ndi lokhuthala bwanji? Muli zitsulo zotani, zili pati, zalowa m'nyumba mpaka pati? Kumbuyoko chaligwira n'chiyani? Zonsezo timawerengera tisanathire. Munthu amene angakuyankheni funso limeneli asanaone khondelo, m'thaweni."

Chigwetsa anagwetsa nkhope, chifukwa munthu woti athawidweyo ankamudziwa bwino.

Mayiyo ndi amene anamuuza za sukulu ya ntchito zamanja imene inkaphunzitsa Loweruka. Anakalembetsa. M'kalasimo anali wamkulu kuposa onse, ndipo achinyamata ankamutcha madala. Za manja ankawaposa kutali, koma masamu ankamuzunguza mutu. Mayeso oyamba analephera. Anabwereza n'kulepheranso, ndipo ulendo umenewu anatsala pang'ono kusiya.

Anakauza Mayi Gumulani kuti mutu wake ndi wouma, sukulu si yake.

"Zitsulo ndikati mumasule mumamasula kangati?" anafunsa mayiyo.

"Mpaka zitakhala bwino."

"Nanga masamu ndiye ali ndi nyanga?"

Anabwerera. Ankawerengera pa matumba a simenti otha, pa matabwa, ngakhale pansi ndi msomali. Achinyamata omwe ankamuseka aja anayamba kumuthandiza masamu, iye n'kumawaonetsa kupinda chitsulo osachithyola. Ulendo wotsatira anakhoza. Sanakhoze mwapamwamba, tisanamizane, koma anakhoza.

Ntchito yake yoyamba payekha inabwera ndi mayesero. Bambo wina wamalonda ankafuna khonde lalitali la m'mwamba, lopanda mizati, ndipo kumapeto kwake ankafuna kukhazikapo thanki yaikulu ya madzi. Chigwetsa panthawiyo zinthu zinali zitamuthina, nsapato itatseguka kukamwa.

"Bwana, khonde ndimanga, koma injiniya ayambe wawerengera. Ndipo thankiyo tiipezere malo pamwamba pa khoma, osati kumapeto kwa khonde."

"Injiniya wa chiyani pa kakhonde? Amisiri anzako amangothira."

"Inenso ndinkangothira."

Bamboyo anamuyang'anitsitsa, kenako anaseka chikhakhali. "Ndakuzindikira! Si iwe Chigwetsa? Ndiye wagwetsa kamodzi basi wasanduka m'busa wa makonde?"

Ntchito inapita kwa wina. Ngati thankiyo inakhala kapena inagwa, ine sindikudziwa, ndipo si nkhani yathu. Chimene ndikudziwa n'chakuti Chigwetsa anabwerera kwawo wapansi, m'mimba muli pululu, koma kwa nthawi yoyamba dzina lija silinamupweteke monga kale.

Pang'onopang'ono ntchito zinayamba kubwera. Mayi Gumulani akafunsidwa za munthu wodziwa zitsulo za makonde, ankatchula iye. Ati ndi mmisiri yekhayo amene amanena kuti "sindikudziwa, tikafunse" popanda kuchita manyazi. Anagula zida zatsopano, anayamba kulemba anzake ntchito, nkhope inabwerera m'malo.

Koma mtima sunali m'malo. Zaka zinali zitadutsa osaonana ndi mlongo wake. Ankangomva kwa anthu kuti amayenda ndi ndodo, kuti anaphunzira kupalasa makina ndi mwendo wamanzere, kuti amasokera m'chipinda cha m'mwamba chija, chimene tsopano chinali chamdima, ndipo maso ayamba kumuvuta. Makonde onse amene anamanga m'tawuni anali opanda pake kwa iye ngati chitseko chimodzi chija chinali chikhomerebe.

Lamlungu lina masana anavala malaya abwino n'kulowa msewu umene ankauthawa uja. Alamu ake anali m'sitolo.

"Ndinati chiyani za phazi lanu?"

"Ndakumbukira, alamu. N'chifukwa chake ndaima kuno."

Analidi ataima kutsidya kwa ngalande. Anaimapo mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwerera. Lamlungu lotsatira anabweranso, ndi linzake, ndi linzake. Oyandikana nawo anayamba kumubwereka mpando. Wogulitsa makala wa pafupi anati ngati akufuna ntchito ya ulonda angonena.

Tsiku lina mawu a mlongo wake anamveka kuchokera pamasitepe a m'kati.

"Bambo, muloleni akwere. Akutichititsa manyazi pamsewupo."

Anakwera. Chipindacho chinali chotentha ndi chamdima, nyale ikuyaka masanasana. Mlongo wake anali atakhala pamakina pafupi ndi kawindo kakang'ono, magalasi ali pamphuno, ndodo itatsamira khoma. Anali atakalamba kuposa zaka zake. Chigwetsa anagwada pansi.

"Achemwali, sinali simenti. Sinali migolo. Ndinali ine. Zitsulo ndinaziika pansi pomwe zimayenera kukhala pamwamba. Munandifunsa funso, ine n'kukuyankhani chinthu chimene sindinkachidziwa. Ndikhululukireni."

Amene anayamba kuyankhula ndi alamu, ali chiimire pakhomo.

"Migolo ija ndinaika ndine," anatero. "Zaka zonsezi ndikaona mayiwa akutsimphina, ndimati ndinadzaziranji madzi aja."

"Munaika chifukwa ine ndinati ngakhale njovu. Mlandu umenewo ndi wanga, alamu, musandilande."

Apa m'pamene Chigwetsa anazindikira kuti mkwiyo wa alamu ake unali ndi chisoni m'kati. Amuna awiriwo anangoti zyoli, aliyense kuyang'ana pansi.

"Nonse awiri mwatha kulira?" anafunsa mlongo wake. "Iwe, dzuka, pansipo pali mapini. Wabwera kudzapepesa basi?"

"Ndabwera kudzapempha kuti ndimangenso khondelo."

Alamu anatsokomola. Chigwetsa anapitiriza msanga asanamudule, chifukwa mbali yovuta inali isananenedwe. Khonde lolendewera silimatidwa kunja kwa khoma ngati chithunzi. Kuti zitsulo zake zigwire, panafunika kugumula pansi pa chipinda chomwecho, kulowa m'kati ndithu, kuyala zitsulo zatsopano zochokera m'nyumba kutulukira kunja, n'kuthira zonse pamodzi. M'sitolo munayenera kudzaza mitengo yochirikiza. Banjalo linayenera kusamuka kwa masabata angapo.

"Tamvani zimenezo!" anatero alamu. "Munagwetsa kunja, tsopano mukufuna mugumule ndi m'kati momwe?"

Mlongo wake anavula magalasi n'kumuyang'ana m'maso.

"Ukutsimikiza kuti ulendo uno silidzagwa?"

Mawu akuti inde anali pamlomo. Anali osavuta, ndipo ndi amene mayiyo ankafuna kumva. Chigwetsa anawameza.

"Ine ndekha sindingatsimikize, achemwali. Mutu umodzi susenza denga. Ndibwera ndi injiniya adzaone nyumba yonse, awerengere. Akati n'zosatheka, ndidzakuuzani kuti n'zosatheka."

Mayiyo anapukuta magalasi ndi kansalu.

"Kale ukanalumbira mpaka kutchula manda a amayi," anatero. "Bwera naye."

Mayi Gumulani anabwera. Anagogoda makoma, anakumba pambali kuti aone maziko, anayeza chipinda. Atawerengera anati n'zotheka, koma khondelo likhale lalifupi kuposa loyamba lija. Alamu anadandaula kuti lichepa. Mayi Gumulani anawafunsa ngati akufuna lalikulu la pansi kapena laling'ono la m'mwamba, nkhani n'kutha.

Tsiku logumula, msewu wonse unabwera kudzaonerera. Wina anakuwa kuti amayi achotse ana m'njira, Chigwetsa wabweranso. Iye anamva, koma sanatembenuke.

Zitsulo zonse anamanga yekha. Timipando anatiika pafupipafupi moti munthu akanatha kuyendapo osatsitsa kanthu, komabe sanalole aliyense kupondapo. Pothira konkire anaima pakhomo ngati mlonda, maso ali pa phazi la munthu aliyense. Atatha ankabwera m'mawa ndi madzulo kudzaithirira madzi kuti ikhwime bwino.

Alamu anatopa ndi mitengo yodzaza m'sitolo. Makasitomala ankachita kulowa cham'mbali.

"Alamu, konkireyi yauma kale. Chotsani nkhalangoyi."

"Yauma kunja. M'kati idakali kukhwima. Mundida masabata ochepa okha, piriranitu."

Nthawi itakwana, anatseka njira ya pansi ndi zingwe kuti pasadutse munthu. Anachotsa mitengo kuyambira kumapeto kwa khonde kubwerera kukhoma, monga anaphunzirira. Kenako Mayi Gumulani analamula kuti ayale matumba a mchenga pakhonde ponse, molingana, mpaka kufika pa kulemera kumene anawerengera. Pansi pa nsonga ya khonde anaimika thabwa lokhala ndi chizindikiro, kuti aone ngati litsike.

Matumbawo anagona pomwepo. M'mawa mwake Chigwetsa anafika mtima uli phaphapha. Anayang'ana chizindikiro, anakwera kukayang'ana pamwamba motsatira khoma, anapukuta fumbi ndi dzanja, anayang'ananso. Panalibe mng'alu. Mayi Gumulani anayendera paliponse ndi maso ake a mphamba aja, anthu akudikira liwu lake lija.

"Tsitsani matumba," anatero. "Ntchito ili bwino."

Antchito amene ankamudziwa anati sanamvepo mayiyo akutamanda chinthu motalika chonchi.

Koma mayeso enieni anali asanachitike. Zotchingira m'mbali zitaikidwa ndipo banja litabwerera m'nyumba, mlongo wake anayenda ndi ndodo yake mpaka pakhomo la khonde, n'kuima. Kuwala kunadzaza chipinda chonse. Phazi lake linafika pamphepete penipeni pa chitseko, osapitirira. Thukuta linatuluka pamphumi.

Pansi anthu anali atasonkhana, makosi ali m'mwamba. Alamu anafuna kumugwira mkono, iye anakana.

Chigwetsa sanamukakamize. Anaima pambali pake n'kuyankhula motsitsa.

"Achemwali, injiniya wawerengera kuti mita imodzi m'litali ndi m'lifupi inganyamule kulemera kwa matumba asanu a simenti, koma oyalidwa, osati ounjikidwa kumapeto. Ndiye kuti inuyo, makina anu, mpando, ndi makasitomala angapo, lidzanyamula popanda vuto. Migolo ya madzi ayi. Thanki ayi. Kuunjikapo njerwa ayi. Pakabwera alendo ambiri, ena akhale m'nyumba. Ndipo ngati simukufuna kupondapo lero, kapena chaka chino, palibe mlandu. Chitseko chikhale chotsegula, kuwala kuzilowa."

Mayiyo anapuma mozama. Anatsogoza ndodo, kuigogoda pa konkire kawiri. Kenako anatsogoza mwendo wothyoka uja, winawo n'kutsatira. Anaima panja, mphepo ikukupiza nsalu yake. Sanapite kumapeto. Anangoima pamenepo, misozi ikutsika, akuyang'ana madenga a nyumba amene anakhala zaka osawaona kuchokera pamwamba.

Pansi wina anayamba kuwomba m'manja, ena n'kutsatira, ngakhale uja anakuwa za ana.

"Bweretsa makina," anatero mayiyo osatembenuka.

Chigwetsa ndi alamu ake ananyamulira limodzi, wina mutu wina miyendo, n'kuwakhazika pafupi ndi khoma. Mayiyo anakhala pampando, anakonza ulusi, anapalasa pang'ono kuti amve ngati akuyenda. Kenako anakweza maso n'kuona phewa la Chigwetsa, pomwe chitsulo chinakola malaya n'kuwang'amba mpaka kumsana.

"Iwe, wakhala ukuyenda m'tawuni muno ndi malaya amenewa?"

"Ndi a ntchito, achemwali."

"Vula ndisoke. Anthu aziti ulibe mlongo."

Chigwetsa anavula. Anakhala pansi pakhonde pomwepo, msana uli pakhoma, akumvera kulira kwa makina.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina nanunso muli ndi chinthu chimene chinathyoka m'manja mwanu, ndipo munapweteka nacho munthu amene mumamukonda. Mwendo wa mayi uja sunawongoke, ndipo sindikunamizani kuti zonse zimabwerera mwakale. Koma kulakwa kwa dzulo si ntchito yanu yomaliza. Vomerani pamene panali panu, funsani amene akudziwa, bwerezani mpaka zikhale bwino, ndipo mukakonzeka pitani mukagogode pamene munachimwa. Chibale ndi fupa, sichiola. Osataya mtima, abale anga, manja amene analakwitsawo akhoza kuphunzira.